Manja Anga pa Bala la Apongozi

Nkhani iyi ndi yoona, ndipo amene akukayika abwere kwathu kuno kutsidya kwa nyanja, ku Scarborough, ndidzamuonetse chitseko cha nyumba yathu, chimene mpaka lero chili ndi thabwa losiyana mtundu ndi linzake chifukwa anthu anachita kuchithyola. Sinditchula dzina la munthu aliyense, poti Amalawi a kuno tilipo ochepa, ukangotchula mudzi wokha anthu amamaliza okha mpaka dzina la agogo ako, ndipo mwini nkhaniyi ndi munthu wamkulu amene sangakonde kumakambidwa m'magulu a pafoni. Papita zaka zingapo tsopano, koma ndikamva fungo la sopo wa ufa m'bafa, tsiku limenelo limabwerera m'maso mwanga.

Munthu wamkuluyo ndi apongozi anga, mayi awo a akazi anga. Anabwera kuchokera ku Dedza titangobereka mwana wathu woyamba, kuti adzatithandize kulera, chifukwa akazi anga amasamalira okalamba ku Mississauga ndipo amalawirira m'mamawa, pamene ine ndimagwira ntchito yamadzulo kunyumba yosungira katundu. Inu a kwathu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kumudzi n'zosavuta chifukwa tchire lilipo. Nanga m'nyumba ya zipinda ziwiri, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, mmene kanjira kopita kubafa n'kopapatiza moti anthu awiri sangadutsane osagundana mapewa, ungapatukire kuti? Tinapeza nzeru yake. Ine ndikafuna kutuluka kuchipinda ndinkayamba ndatsokomola, iwo n'kulowa kukhitchini n'kumayang'ana firiji ngati muli uthenga. Zofuna kuuzana tinkauza mwana, khanda loti ngakhale khosi linali lisanalimbe. Ine ndinkati uwauze agogo ako kuti tiyi ali patebulo, iwo n'kuyankha kuti uwauze atate ako kuti zikomo. Akazi anga ankaseka kuti mwanayu adzayamba kulankhula atatopa kale ndi ntchito yonyamula mauthenga. Koma ine sindinama, ndinkanyada nazo, ndinkaona kuti ngakhale ndili kutali sindinataye ulemu wa kwathu.

Nyengo yozizira itafika pachimake, apongozi anagwidwa ndi ululu woopsa kumsana, pakati pa mapewa, ndipo munthu amene anabereka ana ake onse osalira tsiku limenelo anabuula. Kuchipatala atawaunika ndi makina anapeza kuti ali ndi chilonda mkati mwa mtsempha waukulu wochokera kumtima. Ine ndinali ndisanamvepo kuti mtsempha umachita chilonda. Dokotala anatifotokozera kuti zili ngati paipi yamadzi imene dzimbiri likuidya chamkati, ndipo tsiku loti yabooka sipakhala nthawi yothamangira kulikonse. Mwayi wake sanawang'ambe pachifuwa. Anaboola mtsempha wa m'mphechepeche, pamwamba pa ntchafu, n'kulowetsa kachubu kamene anakakankha mpaka pachilondapo, kakakhale ngati chigamba chamkati. Zinayenda bwino. Anawapatsa asipirini ndi mankhwala ena a mtundu womwewo, poti anapezanso kuti mitsempha ya mtima wawo yayamba kutsekeka, ndipo anatichenjeza kuti mankhwalawa amachititsa magazi kuchedwa kuundana, kotero akadzicheka kapena akagundika pang'ono tisadabwe, koma tisayerekeze kuwasiyitsa tokha.

Tsiku lotuluka m'chipatala kunabwera nesi, mayi wansangala, kudzatiphunzitsa kasamalidwe ka bala la m'mphechepeche lija. Ananena kuti onse okhala ndi wodwalayu ayandikire aone, ndipo atangogwira chovala cha apongozi kuti achikweze, miyendo yanga inanditulutsa yokha. Ndinakaima pakhonde n'kumawerenga zikwangwani. Nesi anasuzumira n'kundiitana, koma akazi anga anamuuza kuti musiyeni, kwathu sizitheka, ine ndimva zonse. Ndipo anamvadi zonse. Chimene sitinaganize tonse awiri n'chakuti womvayo amachoka kusanache n'kukwera mabasi ndi sitima kudutsa mzinda wonse, ndipo wotsala pakhomo ndi wodwala m'mawa uliwonse ndi uja anaima pakhonde.

Panalinso nkhani ya zochapa. M'nyumba zosanjazi makina ochapira amakhala pansi penipeni, ndipo wonyamula basiketi kupita nayo kumeneko ndinali ine. Apongozi chifikireni anakana kwamtuwagalu kuti zovala zawo zilowe m'basiketi imeneyo. Mkamwini agwire zovala za apongozi, mwina n'kuziona zikuzungulira pagalasi la makina pamodzi ndi mabuluku ake? Ankachapa okha pamanja m'bafa, chowerama, n'kuyanika pa ndodo ya katani. Atabwera kuchipatala akazi anga anawauza kuti adokotala aletsa kuwerama ndi kunyamula zolemera, azidikira tsiku limene iwo apuma. Anavomera ndi mutu. Koma mukuwadziwa amayi athu, munthu amene wakhala akudzichitira yekha zonse moyo wake wonse samva za kudikira.

M'mawa wa tsikulo kunja kunali mbuu, sinowo, chipale chofewa chija, ikugwa, mwana ali mtulo m'kabedi kake. Ndinali kukhitchini ndikumva madzi akutsika m'bafa ndi nyimbo za kwaya zikulira pa kafoni kawo, kenaka ndinamva chidebe chikugwa ndi chinthu cholemera chikutsatira. Ndinapita pachitseko n'kutsokomola, monga mwa chizolowezi, ngati chitsiru. Kunali zii, kwaya yokha. Ndinagogoda n'kufunsa ngati kuli bwino, ndipo aka kanali koyamba kuwalankhula popanda kudzera mwa mwana. Anayankha ndi mawu otsika kuti palibe kanthu, ndingowaitanira mwana wawo. Ndinaimbira akazi anga, foni inangoitana, chifukwa kuntchito kwawo mafoni amawasiya m'kabati. Ndinabwerera pachitseko n'kuwapempha kuti atsekule, iwo anati ndisavutike, adikira. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma apa womva m'mimbayo ndi amene anakhoma. Nditayang'ana pansi ndinaona madzi akutuluka kunsi kwa chitseko, ndipo madziwo sanali oyera.

Ndinathamangira kukhitchini kukatenga mpeni wopakira batala woti ndipotokolere loko, ndipo foni yanga ndinaisiya pomwepo pafupi ndi ketulo. Muikumbukire foni imeneyo. Chitseko chitatseguka ndinawapeza ali chagada pakati pa bafa ndi chimbudzi, chitenje chili chonyowa ndi magazi kuyambira m'chiuno, ndipo magaziwo sanali ongoyenderera ayi, ankatuluka modumpha, motsatira kugunda kwa mtima. Atandiona, chinthu choyamba chimene anachita si kupempha thandizo, koma kukoka thaulo n'kudzifunditsa kumaso. Anandiuza kuti ndituluke. Ndipo ndikuuzeni zoona, ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi, chifukwa thupi langa linazolowera kumvera. Ndinakwiya, sindikudziwa ngati ndinakwiyira iwo kapena miyendo yanga, ndipo mkwiyowo ndi umene unandigwaditsa pansi.

Ndinadziwa kuti pafunika kupanikiza, zimenezo aliyense amadziwa, koma pati? Nesi anaonetsa ine ndili pakhonde. Ndinatembenuzira nkhope kukhoma, n'kuika manja pamwamba pa chitenje mongoganizira, koma magazi anapitiriza kudutsa pakati pa zala zanga, otentha. Ndinasunthira pena, chimodzimodzi. Ndinawauza khoma ndikuliyang'ana kuti amayi, sindikudziwa malo ake, mukapanda kundionetsa mufera m'manja mwanga ndipo mwana wanu ndikamuuza chiyani? Kenaka ndinamva dzanja lozizira likugwira mkono wanga, n'kuukokera m'mwamba pang'ono, chamkati, n'kuusiya pamenepo. Ndinatsamira ndi thupi lonse, dzanja lina pamwamba pa linzake, ndipo ndinamva mtsempha ukugunda pansi pa chikhatho changa. Magazi anachepa.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndakodwa. Foni ili kukhitchini. Ndinayesa kuchotsa dzanja limodzi, magazi anadumpha nthawi yomweyo. Ndinawauza kuti apanikize okha ndithamange, anayesa, koma manja awo anali opanda mphamvu ndipo ankaterereka, moti ndisanafike ngakhale pachitseko ndinabwerera. Mankhwala aja amene ankateteza mitsempha yawo kuti isatsekeke ndi omwewo tsopano ankakaniza bala kugwira, ndipo ndinadziwa kuti ngakhale nditapanikiza mpaka madzulo silitseka lokha. Ndinakuwa. Ndinakuwa m'Chingerezi, ndinakuwa m'Chichewa, ndinamenya bafa ndi phazi. Kwathu ukakuwa kamodzi mudzi wonse umafika, ena ndi zibonga asanadziwe n'komwe chachitika. Kuno makoma ndi a simenti, anthu ali kuntchito, ndipo wakumva amangokweza wailesi poganiza kuti ndi banja likukangana. Amene anandimva ndi mwana yekha, amene anadzuka n'kuyamba kulira kuchipinda, kulira kosalekeza, ine osatha kupita kukamutenga. Mawondo anayamba kuchita dzanzi pa matailosi onyowa, mapewa akuyaka moto, ndipo kwaya ija inali ikuimbabe penapake pafupi.

Kwayayo ndi imene inandikumbutsa. Kafoni kawo ankakamangirira pamfundo ya chitenje, monga amachitira ndi ndalama ya chigayo kumudzi. Inali foni yakale ya akazi anga, yopanda laini, yongolankhulira ndi abale kudzera pa intaneti ya m'nyumba, koma ndinali nditamvapo kuti nambala ya ngozi imalowa ngakhale foni ilibe laini. Ndinawauza kuti amasule mfundoyo, achotse nyimbo, apeze pamene pali manambala. Iwo pafoniyo ankadziwapo malo ochepa okha, pa nyimbo, pa chithunzi cha mwana wawo ndi cha mchemwali wawo wa ku Dedza. Ndinkawalangiza nkhope ili kukhoma, kuti dinani pansi, dinani chobiriwira, osaona chimene akudina, ndipo foniyo inkangosintha nyimbo. Ndipamene ndinamva thaulo likuchoka kumaso kwawo.

"Tembenukani, bambo," anatero. "Khomalo silikuthandizani."

Ndinatembenuka. Miyezi yonse ija tikukhala nyumba imodzi, ndinali ndisanaonepo nkhope yawo pafupi, ndipo ndinadabwa kuona kuti maso awo ndi a mwana wanga enieni. Milomo inali itayera. Anandiyandikizira foni kumaso, ine ndikuwauza podina, chala chawo chikusiya magazi pagalasi, mpaka inaitana. Anaigwira pafupi ndi pakamwa panga, ndipo mayi amene anayankha anandifunsa kumene tili, n'kundiuza kuti ndisachotse manja zivute zitani, ndisadule foni, ndipo wodwalayo ndizimulankhulitsa asagone.

Kumulankhulitsa chiyani munthu amene sunachezepo naye chikwatireni mwana wake? Ndinawafunsa za mbatata zawo zakudimba, amene akuzithirira iwo kulibe. Anayankha kuti mwana wa mchemwali wawo, koma ndi waulesi. Ndinafunsa za mbuzi, anandiuza za ina yoyera imene imaba ufa pamphasa. Mawu ankapita akuchepa, foni ikutsetsereka kutsika pachifuwa changa, ine n'kumaikankha ndi chibwano. Kenaka anasiya za mbuzi n'kunena bwinobwino, ngati munthu wotuma mwana kumsika, kuti zikavuta tisawasiye m'dziko lozizira lino, tikawaike pafupi ndi amuna awo. Ine amene ndinali ndisanawakwezerepo mawu ndinawakalipira. Ndinawauza kuti asiye zimenezo, ine sindinagwade m'madzi muno kuti ndizimva za manda, ndipo ngati akufuna kupita ku Dedza apita ndi miyendo yawo. Anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti kani mkamwini ameneyu ali ndi pakamwa. Mantha anandigwira kwambiri pamenepo kuposa poyamba, chifukwa ndinaona kuti munthuyu ndikumukonda, ndipo ndamudziwa mochedwa.

Chikepe chimodzi cha nyumba yathu chinali chakufa monga mwa masiku onse, chinacho chimaima pansanjika iliyonse, ndiye a ambulansi anachedwa kukwera, kapena mwina sanachedwe, munthu ukakhala pamoto nthawi siyenda. Nditamva kugogoda mtima unatsika, koma nthawi yomweyo ndinakumbukira kuti chitseko chachikulu n'chokhoma ndipo ndinakolekanso tcheni akazi anga atatuluka. Thandizo lili panja, ndikulimva likundiitana, ine ndili pano mapazi ochepa chabe, osatha kudzuka. Ndinakuwa kuti thyolani. Mayi wa pafoni anawauza zomwezo. Woyang'anira nyumba anabwera ndi kiyi koma tcheni chinakana, mpaka ozimitsa moto, amene kuno amabwera limodzi ndi a ambulansi, anachita kukanula chitseko ndi chitsulo. Mnyamata wa ambulansi atagwada pambali panga anaika manja ake pamwamba pa anga n'kundiuza kuti ndichotse pang'onopang'ono, koma zala zanga zinakana kuwongoka, anachita kuzichotsa yekha chimodzichimodzi. Apongozi anali atatseka maso. Ndinakatenga mwana ndi mikono yokha, manja ndikuwasunga kutali, ndipo ndinalira naye limodzi.

Apongozi anapulumuka. Anawathamangitsira kochitira opaleshoni, n'kusoka mtsemphawo, n'kuwawonjezera magazi. Dokotala anatiuza kuti chigamba chija cha mumtsempha waukulu chili bwinobwino, sichinasunthe, vuto linali pabala la m'mphechepeche pamene analowetsera kachubu. Anati balalo liyenera kuti linayamba kutupa masiku angapo m'mbuyomo, ndipo apongozi atafunsidwa anavomera kuti anaona chotupa chikukula, koma mwana wawo ankafika atatopa, ndipo wina amene analipo sakanamuuza za malo amenewo. Abale kumudzi atamva anayamba kutumiza mauthenga kuti mankhwala a Azunguwo akusungunula magazi, tiwataye. Ndinapsa mtima, koma ndinakafunsabe. Madokotala anakambirana okhaokha, n'kuimitsa mtundu umodzi, asipirini n'kumusiya, ndipo anatiuza kuti mankhwala sanaboole bala, anangochititsa kuti likatseguka lisatseke msanga, pamene kuwasiya onse mwa tokha kukanatha kubweretsa vuto lina la mtima limene palibe manja angaligwire.

Apongozi atabwerera kunyumba zinthu zinafika poipa kuposa kale. Sitinkalankhulana ngakhale kudzera mwa mwana. Ine ndikatsokomola iwo ankadzitsekera kuchipinda, ndipo chakudya ankadya ine nditapita kuntchito. Ndinkagona ndikudzifunsa ngati ndinawapulumutsa kapena ndinawavula, ndipo ndinauza akazi anga kuti mwina ndikakhale kaye kwa mnzanga ku Brampton kuti amayi apume. Iwo anangoti ndidikire, munthu wamkulu sakakamizidwa. Ndiye Loweruka lina m'mawa ndinanyamula basiketi ya zochapa pakhomo la bafa ndipo ndinamva kuti yalemera kuposa masiku onse. Pamwamba panali zitenje zopindidwa bwino, ndi mabulauzi, ndi mpango wa kumutu. Ndinaima osadziwa chochita, poganiza kuti mwina akazi anga asokoneza. Apongozi anali pampando mwana ali pamiyendo. Sanayang'ane mwana, anayang'ana ine.

"Musaphatikize ndi zoyera, bambo. Chofiiracho chimasuluka."

Ndinatsika nazo pa chikepe chija ndikupukuta maso ndi phewa, ndipo mayi wina wa ku Jamaica amene tinakwera naye anandifunsa ngati ndili ndi chimfine. Ndinavomera.

Lero apongozi ali ku Dedza, anapita ndi miyendo yawo, amamwa asipirini wawo m'mawa uliwonse ndipo amapita kukaunikidwa nthawi yake ikakwana. Tikapita kumudzi, pamaso pa anthu timakhalabe motalikirana, iwo kuyang'ana uko ine uku, ndipo sindikuona cholakwika. Ulemu wa kwathu sindinauleke ndipo sindikuuza munthu kuti auleke. Koma chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti ulemu umenewu anaupanga anthu okhala pakati pa abale, kumene mayi akagwa pamakhala mchemwali wake kuseri kwa mpanda. Kuno mpanda kulibe, mchemwali kulibe, alipo ndi mkamwini ndi chitseko chokhoma, ndipo paja amati manyazi anapha Lambe. Choncho inu amene mwaitanitsa makolo kuno, wina akatuluka m'chipatala ndi bala ndi mankhwala ochedwetsa magazi kuundana, mudzifunse kuti amene azitsala naye pakhomo masana ndani, ndipo ameneyo ndiye aphunzire, kaya ndi mkamwini kaya ndi mtengwa. Nesi akagwira chovala kuti akweze, musatuluke ngati ine. Ngati maso akukanika yang'anani pansi, koma dzanja mulipereke, akuonetseni pogwira tsiku loipa lisanafike.